Banga la pakhoma la amayi

Chitini cha laimu chija ndimachikumbukabe, chadzimbiri, chili ndi burashi ya udzu m'kati. Amalume anabwera nacho kuchokera ku Limbe titangoika amayi m'manda kwathu ku Ndunde. Inali nyengo ya chiperoni, phiri la Chiradzulu silinkaoneka mpaka masana.

Amalume anali munthu wokonda chizungu, ndi nkhuku zomwe ankazikalipira m'chizungu. Akupaka khoma la chipinda cha amayi anandiuza kuti, "Mphwanga, iyi ndiye fresh start. Kuyambiranso, ngati palibe chachitika." Mawuwo ndinawakonda. Nditawanena kusukulu, aphunzitsi anandiwonjezera ena a tanthauzo lomwelo, clean slate ndi new chapter, nandiyamikira pamaso pa anzanga. Misozi inali isanaume pakhomo pathu, koma ine ndinkayenda monyada ngati ndakhoza mayeso. Ubwana ulibe chisoni chokhalitsa.

Koma khomalo linakana. Pamene amayi ankatsamiritsa mutu akudwala panali banga lozungulira la mafuta a m'tsitsi. Laimu akauma, bangalo linkatulukanso. Amalume anapaka, napakanso, mpaka anasiya kulankhula chizungu. M'mawa uliwonse linali pomwepo, ndipo ine ndinkaona ngati latsika pang'ono, monga munthu akamatsetsereka kuti agone. M'chipindamo munkanunkha laimu wonyowa ndi sopo wa amayi, sopo amene anatha kale. Nkhuku imene inkaikira kuseri kwa chitseko inaleka kulowamo. Nanenso ndinkachita mantha, ndinkadutsa pakhomopo chothamanga.

Abambo okha ndiwo ankalowa. Ankakhala pansi moyang'anizana ndi bangalo, khasu lili pamiyendo, mpaka mame atauma. Anali mkamwini, kwawo kunali kupitirira Namadzi. Nyumba anamanga ndi manja awo, koma nthaka inali ya kuchikazi, ndipo ife ana tinali a amalume.

Tsiku lina akuluakulu a mbali zonse ziwiri anakhala pansi pakhonde. Ndinamva mawu akuti kusudzula, ndinamvanso akuuza abambo kuti tsopano amasuka. Kumasuka ndinkakudziwa ngati chinthu chabwino. M'mawa mwake abambo anamanga chikwama panjinga. Anandigwira pamutu nthawi yaitali, dzanja lawo lili zii.

"Uziwamvera amalume akowa," anatero.

Ine pofuna kuwasangalatsa ndinati, "Ababa, new chapter."

Anandiyang'ana ngati ndawaponya mwala. Kenako anakankha njinga, osaikwera, ndipo nkhungu inawameza asanafike n'komwe pamunda wa nyemba. Ndinamva kulira kwa tcheni kokha.

Loweruka lililonse ndinkakhala m'mbali mwa msewu kudikira, poganiza kuti angopita kukaona abale. Palibe anandiletsa, palibenso anandiuza. Sindinkadziwa kuti mwamuna akasudzulidwa sabweranso kudzagona pamudzi, ndi kuti m'mawa uja panali maliro achiwiri, ine ndekha ndikumwetulira.