Unkhoswe wa pa Bwalo la Gofu

Ine unkhoswe ndinauyambira pa bwalo la gofu, ndipo wofuna kuseka aseke. Munali mu 1993, ndikuphunzira ku Birmingham n'kumagona m'kachipinda ka ku Small Heath, pamwamba pa butchala ya Asilamu. M'chipinda chinacho munkakhala mnzanga wa ku Dedza, wophunzira za mainjini, munthu wamanyazi moti ngakhale dalaivala wa basi ankamupatsa moni atazolika.

Mnzangayu anakondana ndi namwino wachizungu wa ku Kings Heath, mpaka nkhani inafika pa ukwati. Chopinga chinali bambo a mtsikanayo, mdala wa ku Bilston amene anagwira ntchito ya zitsulo mpaka fakitale itatsekedwa. Mayi anali atatisiya, mwana anali yekhayo, ndipo mtsikana ananeneratu kuti bambo ake akakana, ukwati palibe.

Tsiku lina mdala uja anatumiza uthenga. Anali ndi matikiti a mpikisano waukulu wa gofu, wa akatswiri a ku Ulaya ndi a ku Amereka, umene unkachitikira kunja kwa mzinda. Anati mnyamatayo abwere tsiku lomaliza kuti adziwane.

"Achimwene, ndatha ine," anatero mnzanga. "Munthu sapita yekha kwa apongozi. Amalume ali kutali. Mukandiimire ndinu."

Ndinkamuposa ndi miyezi chabe, koma ndinavomera msanga, chifukwa kulankhula ndimakukonda, sindibisa. Mtsikana anali pa shifiti tsikulo, choncho tikiti yake inagwera ine. Mlungu wonse ndinayeserera mawu pagalasi, ndikuvutika kuika m'Chingerezi nkhani ya tambala wathu amene waona msoti kwa eni. Tambala weniweni sanapezeke. Wabutchala anati nkhuku zake zonse n'zososola kale, ndipo mnzanga atati titenge ya mufiriji ndinamuletsa.

Tinafika titavala masuti akuda obwereka ndi nsapato zosongoka. Khamu lonselo linali m'majuzi ndi nsapato za m'matope. Tisanayende n'komwe, anthu anayamba kutifunsa kumene kuli zimbudzi, poyesa kuti ndife a pamalopo.

Mdalayo tinamupeza pageti, wamfupi, wofiira nkhope, atakolekera chikwama paphewa. Atatambasula dzanja, mnzanga analilandira ndi manja awiri, ananjuta, kenako n'kuthawira kumbuyo kwanga. Mdala anamusuzumira modabwa, koma anangoyamba kutifotokozera masewera. Anati tsiku limenelo amalimbana awiriawiri, wa ku Ulaya ndi wa ku Amereka, dzenje ndi dzenje, ndipo wolowetsa kampira atamenya kochepa ndiye watenga dzenjelo.

Titaima pa dzenje loyamba ndinati mpata ndi uno. Ndinakonza tayi, ndinatsokomola, n'kuyamba: "Bambo, ife sitinangobwera." Nthawi yomweyo munthu wa yunifolomu anakweza kathabwa kolamula kuti tikhale chete, ndipo anthu onse anatembenukira ine ngati ndaswa mbale pa phwando. Mayi wina wachikulire anandibaya ndi ambulera m'nthiti.

Kumeneko ndiye kunali kuvuta kwa masewerawa. Munthu akamakonzekera kumenya, bwalo lonse lili zii, ngakhale kumeza malovu umachita kuba. Kampira kakangolowa, chiphokoso chake sungamve mnzako ali pakhutu. Chikamatha, onse athamangira ku dzenje lina, ife tikuterereka m'mbuyo ndi nsapato za kutchalitchi. Ndinayamba mawu anga kambirimbiri, koma tambala uja sindinamufike. Ndinkapsa mtima kwabasi. Anthu akuluakulu, a ndevu zawo, kuopa kusokoneza kampira kochepa kuposa dzira!

Uku mnzanga anali kalikiliki kulemekeza apongozi mwa kwathu. Mdala akasendera kumanja, iye kumanzere. Akamufunsa kanthu, ankayankha kudzera mwa ine, maso ali pa nsapato. Masana mdala anatulutsa masangweji ndi tiyi wa m'fulasiki. Mnzanga analandira mogwada, n'kukadyera kuseri kwa mtengo.

Apo nkhope ya mdala inasintha. "Mnyamatayu akunyansidwa nane?" anandifunsa. "Mwana wanga akuti ndi wabwino, koma kuyambira m'mawa sanandiyang'anepo. Munthu wosakuyang'ana m'maso ine sindimukhulupirira."

Ndinatsegula pakamwa kuti ndifotokoze kuti kumeneko ndiye kulemekeza kwenikweni, koma kathabwa kaja kanakweranso. Mdala anatembenukira ku masewera, ndipo sanatilankhulenso.

Chakumadzulo zinthu zinawaipira a ku Ulaya, Amereka n'kutenga chikho. Anthu anayamba kubalalika. Mdala anakakhala pa kachulu konyowa, anavula chipewa, ndipo tinaona misozi ikutsika. Ine ndinati tsopano kathabwa kulibe, ndimalize ntchito yanga. Nditangotsokomola, mnzanga anandikoka jekete.

"Achimwene, pa maliro safunsira mbeta."

Sindinkadziwa kuti gofu ali ndi maliro, koma mnzangayo anali atapita kale. Munthu amene anathawa apongozi tsiku lonse anakakhala pansi m'matope, phewa ndi phewa ndi mdalayo, suti ya eni ikunyowa. Anangoti, "Pepani, bambo," basi, n'kukhala chete monga timachitira kwathu pa siwa. Nanenso ndinakhala, mawu anga ali phwii m'kamwa.

Tinakhalitsa, mpaka otola zinyalala anayamba kutizungulira. Kenako mdala anapukuta mphuno nati, "Si gofu ayi. Masewerawa tinkaonera limodzi ndi mkazi wanga. Atamwalira, anthu ananditumizira makhadi okongola. Panalibe amene anabwera kudzakhala nane pansi."

Ine ndinamva chisoni, komanso manyazi chifukwa cha tambala wanga.

Mdala anadzuka movutikira, mnzanga atamugwira mkono. Anayang'ana matako a masuti athu, naseka koyamba tsiku limenelo. Kenako anauza mnzanga kuti: "Lamlungu ubwere ku Bilston, mwana wanga, tidzadye limodzi patebulo, osati kuseri kwa mtengo. Tidzakambe za tsiku la ukwati."

Ndinakonza tayi kuti ndithokoze m'malo mwa akuchimuna, koma anandiloza ndi chipewa.

"Ubwere wekha. Wolongolola uyu atsale."