Mbuzi Sizikumba Manda

Buku limene linasokoneza mutu wa achimwene anga ndinawabwereketsa ndine, ndipo sindipepesa. Nthawi imeneyo ndinkaphunzitsa Chingerezi pasekondale ina kufupi ndi nyanja ku Salima. Bukulo ndi lakalekale, likunena za Mngelezi woyenda panyanja amene anakafika kudziko lolamulidwa ndi mahatchi, kumene anthu ndiwo zilombo zakutchire. Atabwerera kwawo ankanyansidwa ndi mkazi wake yemwe, n'kumangocheza ndi mahatchi m'khola.

Ine powerenga ndinkaseka, chifukwa wolembayo akutinyoza tonse, koma amene akumuseka kwambiri ndi wapaulendo wodzikuzayo. Achimwene sanaseke, anangomeza zonse ngati ulaliki. Kwathu ku Chitala mahatchi kulibe, choncho anagula mbuzi. Anasiya kupita kumaliro.

"Munthu ndi chilombo chovala malaya, mlongo," ankatero. "Mbuzi sinama, ilibenso kaduka."

"Koma imadya chimanga cha eni," ndinkawayankha. Ndinawakumbutsa kuti maliro n'kulirana. Anangonditsonya.

Amayi anamwalira m'chilimwe, dzuwa likuswa mtengo. Nditatsika minibasi ndinapeza makasu ataunjikidwa pakhomo pa achimwene. Adzukulu, amuna okumba manda, anali phee pansi pa mango. Mtsogoleri wawo anati, "Pepani mayi. Akulu awa kumanda kwa anzawo sapondako. Lero akumbe okha."

Ndi kutentha kumeneko, thupi silikanadikira mawa. Ndinapita kuseri n'kupeza achimwene atatsamira khola. "Waona?" anatero. "Ndinkanena chiyani? Zilombo."

Ndinapsa mtima, ndipo ndinawakwiyira onse, iwo ndi adzukulu omwe. Ndinamangitsa chitenje m'chiuno n'kutola khasu limodzi. Kwathu mkazi sakumba manda, moti azimayi kusiwa anasiya kulira n'kuyamba kundiitana.

Ndinaima pamaso pa adzukulu. "Amene agona m'nyumbamo ndi amene anasambitsa amayi anu atamwalira. Pamaliro anu onse ankatunga madzi ndi iwo. Achimwene mudzawalange pamaliro awo. Awa ayi." Kenako ndinatembenukira kukhola. "Inu achimwene, itanani mbuzi zanu zidzandithandize."

Nthaka yakumanda inali gwaa. Khasu linkangodumpha, ndipo ndisanafike pena paliponse m'manja munatuluka matuza. Ndinkakumba ndikulira, osacheuka. Kenako wina anandigwira mpini. Anali mtsogoleri uja, anzake ali pambuyo, onse maso pansi. "Basi mayi, mwatichititsa manyazi mokwanira."

Achimwene anafika dzenje litafika m'mawondo. Anavula nsapato, n'kulowa, n'kulandira khasu kwa munthu amene zaka zonsezi sankamupatsa moni.

Amayi tinawaika dzuwa lisanalowe. Tikuyala nkhata pamtumbira, mbuzi zija zinatulukira, chifukwa mwini wake anaiwala kutseka khola. Yaikulu inalunjika pankhata ya achimwene n'kuyamba kudya maluwa. Iwo anatola chibuluma n'kuigenda, akulira mokweza ngati mwana, ndipo mtsogoleri wa adzukulu ndiye anawagwira kuti asagwe.