Mafuta a m'chiwindi cha atate

Anandilanda sukulu ndili Fomu 3. Anandilanda ndi atate anga ondibereka, ndipo m'malo mwake anandipatsa kiyi wa njinga yamoto.

Atate anagwira ntchito ku Joni zaka zambiri. Anapita ali owonda, anabwerako ndi mimba yoyamba kulowa m'nyumba eni ake akadali pakhonde. Pa Likoma mimba yotere saifunsa kuti yadwala chiyani, amaipatsa mpando wakutsogolo. Posakhalitsa anawasankha kukhala mkulu wa mpingo. Mowa sanaulawepo chibadwire, ndipo ankaonetsetsa kuti aliyense akudziwa. Anzawo akamamwa ku Chipyela, iwo ankakhala chapatali ndi mabotolo a zoziziritsa kukhosi, kutsegula lina linzake lisanathe, kuti odutsa aone chikhristu. Tiyi wawo ankakhala shuga wonyowa.

Pachilumba pano aliyense amayenda pansi, ngakhale ansembe. Atate ankati mawondo sakulola. Anagula njinga, koma kuyendetsa ankaopa, ndipo mwana wamwamuna panyumba ndinali ndekha.

"Ubwerera chaka chamawa," anatero. "Sukulu siithawa."

Chaka chamawacho chinabwera ndi matenda. Ludzu losatha, kutopa, kukodza pafupipafupi. Kuchipatala anawapeza ndi shuga komanso kuthamanga kwa magazi, n'kutitumiza kumtunda kuti akawaunike m'mimba. Tinakwera sitima.

Dokotala wake anali mtsikana wosandiposa kwenikweni, zimene zinandiwawa mwapadera. Anayang'ana chithunzi n'kunena kuti, "Bambo, chiwindi chanu chadzaza mafuta."

Atate anadzuka pabedi ngati atukwanidwa. "Mwana wanga, ine sindimwa mowa. Mufunseni uyu."

"Samwa," ndinatero. "Amadzudzula omwa."

"Sindinatchule mowa," anayankha dokotala. Anafotokoza kuti mimba yaikulu, shuga, kuthamanga kwa magazi ndi mafuta ambiri m'magazi zimayendera limodzi, ndipo chiwindi chimakhala pakati pa zonsezo. Thupi likalephera kugwiritsa bwino ntchito shuga, chiwindi chimasandutsa wotsalayo mafuta n'kusunga. Chikanona, nachonso chimawonjezera vuto la shuga uja. Chikasiyidwa choncho chimatha kuuma ngati cha chidakwa.

"Ndiye mundipatsa mankhwala anji?"

"A shuga ndi a magazi mukumwa kale. A chiwindi ndi miyendo yanu. Muziyenda tsiku lililonse, zotsekemera musiye, mimba ichepe. Mukachita khama chiwindi chitha kubwerera."

Ndinatsala pang'ono kumugwira chanza mtsikanayo. Munthu woyenda pansi safuna dalaivala. Tili m'sitima pobwerera ndinali nditayamba kale kuganiza za amene angandibwereke mabuku.

Atate ankaganiza zina. "Mawu oti chiwindi asatuluke pakamwa pako," anandiuza. "Anthu a ku Khuyu akamva chiwindi, amva kachasu. Adzati ndimamwera kuchipinda."

"Nanga zoyenda?"

"Munthu wochoka ku Joni, njinga ili pakhomo, n'kumapuntha fumbi ndi mapazi? Adzati zanga zatha."

"Ndiye mufa nayo mimbayo, atate."

"Iwe, ukuyankhula ndi yani?"

Kufa ankakuopa ndithu. Mabotolo aja anasiya, n'kumauza anthu kuti akusala. Amayi anachepetsa shuga m'tiyi akudandaula kuti apongozi awo adzati sakudyetsa mwamuna. Za kuyenda zinawavuta masiku angapo, mpaka m'mawa wina ananditana nkhope ili ngwee.

"Tulutsa njinga. Usailize."

Nzeru yawo inali iyi. Iwo aziyenda patsogolo, manja kumbuyo, ine ndizikankha njinga pambuyo pawo. Tikakumana ndi munthu, atate amaima, kupukusa mutu n'kunena kuti, "Zinthu za masiku ano, achimwene. Yazimanso." Munthuyo amawapepesa, nthawi zina amandilangiza kuti ndiyang'ane pulagi. Ndimathokoza mwaulemu. Njingayo ilibe vuto lililonse. Kuchokera kwathu mpaka ku Mbungo ndi kubwerera, m'mchenga ndi m'miyala, njinga yamoto imalemera kuposa mmene mungaganizire.

Ndinawakumbutsa za sukulu teremu itatsegulidwa. Anadabwa zenizeni. "Panopa? Pamene ndayamba kuona kusintha? Nanga akankhe ndani?"

Kusinthako kulipo. Lamba wawo anamuboola chibowo china, ndipo kuchipatala anawayamikira kuti shuga watsika. Mimba ikuchepa pang'onopang'ono moti palibe amene wazindikira. Amene anthu amuzindikira ndi ine. Lamulungu lapitali, titatuluka m'tchalitchi, mayi wina wa chigwirizano anakokera amayi pambali, ine ndikumva.

"Mwana wanuyu watha thupi. Osangomusiya, mukamuyezetse."

Atate, amene anali pafupi n'kumva, anavomereza ndi mutu, nkhope ya chisoni. Anati nawonso akhala akuona, ndipo akuganiza kuti ndayamba mowa. Kenako anandikodola kuti ndikatenge njinga, tizipita.