Tsiku Limene a Dokotala Anagwada

Ndikukumbukira kuti ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri pamene ndinalumbira kuti sindidzagwadanso. Lumbirolo ndinalilemba m'kabuku kanga ka chikuto chobiriwira, kamene ndinkalembamo za tsiku ndi tsiku m'Chichewa, kuti kakatayika kusukulu pasapezeke wokawerenga. Tinkakhala ku Newcastle, m'dziko la Angerezi, m'nyumba yam'mwamba ya njerwa zofiira, patatha zaka zinayi chichokereni ku Zomba. Amayi anali nesi pachipatala china chachikulu, abambo ankagwira ntchito yoyankha mafoni.

Amene anandichititsa kulumbira ndi Chloe, mnzanga yekhayo m'kalasi. Tsiku lina anabwera kwathu kudzalemba homuweki. Abambo atafika ndinawatengera tiyi, n'kugwada powapatsa monga ndinkachitira kuyambira ndili wamng'ono. Chloe anapitiriza kulemba ngati sanaone. Koma mawa lake, pamzere wa chakudya chamasana, anadzigwetsa pansi pamaso pa mnyamata wina, thireyi ali nayo m'mwamba, uku akukuwa kuti, "Landirani, mfumu yanga!" Holo yonse inafa ndi phwete. Ine ndinali mwana wamanyazi, woti aphunzitsi akangonditchula dzina ndinkabisa nkhope m'buku. Tsiku limenelo sindinadye.

Kuyambira pamenepo chilichonse ndinkapereka nditaimirira. Abambo anangondiyang'ana pamwamba pa magalasi awo. Amene zinawapweteka ndi amayi.

"Tadala, mawondo akowo athyoka liti?"

"Kuno si ku Malawi, Mama."

"Ndikudziwa kumene tili. Kuzizira kumandikumbutsa m'mawa uliwonse."

Sanandikalipire, sanandimenye. Anangosiya kundituma. Akafuna madzi ankadzuka okha, ngakhale mapazi atatupa ndi shifiti yatsiku lonse, n'kundidutsa ngati ndine mpando. Masabata atatu anatha choncho. Ndinkawasowa amayi anga tili m'nyumba imodzi, koma ndikaganiza zogwada ndinkamva kuseka kwa m'holo muja.

M'nyumba yapansi munkakhala agogo ena a ku Sri Lanka, a Gunapala, pamodzi ndi mwana wawo wamkazi. Maso awo anali atachita khungu, ndiye Loweruka lililonse mwana wawoyo akapita kuntchito, ndinkatsika kukawawerengera nyuzi. Kwawo anali mphunzitsi wa Chingerezi, ndipo uphunzitsiwo sunawachoke. Ndikameza mawu ankagogoda ndodo pansi. "Bwereza. Mawuwo sanakulakwire kanthu." M'chipinda mwawo munkanunkhira lubani ndi tiyi wa ginja. Pashelefu panali kachifaniziro koyera ka Buddha, ndipo pambali pake chithunzi chakale cha anyamata ambiri ovala zoyera, ataima kutsogolo kwa nyumba yaitali yakhonde.

Za sukulu ya pachithunziyo ankandiuza pang'onopang'ono, nyuzi ikatha, ine n'kukazilemba m'kabuku kanga. Anati m'nthawi imene Angerezi ankalamulira dziko lawo, wofuna kuti mwana wake adziwe Chingerezi kawirikawiri ankamutumiza kusukulu ya mishoni, kumene ankamuphunzitsanso kuti chipembedzo cha makolo ake ndi mdima. Abuda a m'tauni yawo anatopa nazo, n'kuganiza zoyambitsa sukulu yawoyawo. Inayambira m'kanyumba kobwereka, ana ochepa atakhala pamphasa. Kenako anamanga chisakasa chofolera ndi masamba a kokonati, ndipo agogo awo aamuna anali m'gulu la amene anasenza mitengo yake. Amayi a m'makomo, akamaphika, ankapatula mpunga wodzaza dzanja limodzi kuti aphunzitsi asagone ndi njala. Oyendera sukulu a boma ankabwera ndi nkhope zokayika, n'kumayembekezera kuti chisakasacho chigwa chokha.

"Sichinagwe," anatero a Gunapala. "Bambo anga anaphunzira mmenemo. Ine ndinapeza njerwa, ndipo nditakula ndinadzaphunzitsa pomwepo. M'mawa tinkavula nsapato, amene tinali nazo, n'kuika maluwa pamaso pa Buddha, n'kulonjeza kusapha, kusaba, kusanama ndi zina. Tikatero, galamala ya Chingerezi mpaka mutu kuwawa."

Ine ndine Mkhristu, ndipo agogo anga anaphunzira kumishoni, choncho tsiku lina ndinalimba mtima. "Kodi amishoniwo anali oipa, agogo?"

"Ayi, mwana wanga. Ankaphunzitsa bwino, ndipo zambiri tinatengera kwa iwo, ngakhale belu ndi mpira. Chingerezi chawo tinkachifuna ndithu. Chimene sitinkafuna n'chakuti mwana akaweruka kusukulu azikachita manyazi ndi amake."

Sankadziwa kanthu za lumbiro langa. Ndinayang'ana pansi, ngakhale kuti sakanatha kundiona.

Loweruka lina mu Epulo ndinapeza atavala malaya oyera osita bwino. Anati kwawo ndi nyengo ya chaka chatsopano, ndipo akuyembekezera mlendo. Ndili pakati pa nkhani ya zanyengo, belu lapakhomo linalira. Ndinapita kukatsegula. Anali a Dokotala Jayasena, dokotala wamkulu wa maopaleshoni wa m'wodi ya amayi. Ndinali nditawaonapo kamodzi ndikudikira amayi pachipatala, akuyenda mwandawala, madokotala achinyamata akuthamanga pambuyo pawo. Amayi ankati bambo amenewa akalowa m'wodi ngakhale makina amalira motsitsa.

Anavula nsapato pakhomo. M'manja anali ndi mpukutu wa masamba obiriwira, onyezimira, ooneka ngati mitima. Pambuyo pake ndinamva kuti amatchedwa bulath, ndipo kwawo amaperekedwa kwa akulu posonyeza ulemu. Anayenda mpaka pampando wa a Gunapala, n'kupereka masambawo ndi manja awiri. Kenako, ndi suti yawo yodula, anagwada pakapeti yakutha, n'kuwerama mpaka chipumi chinafika pamapazi a nkhalambayo.

Ndinangoima pakhomo pomwepo. Kunja sitima ya metro inkadutsa chapatali. Ndinaona dazi la a dokotala likunyezimira, ndi masokosi awo, limodzi lobooka pachidendene. Dzanja la a Gunapala linafufuza m'malere mpaka linapeza mutuwo, n'kukhazikika pamenepo. Ananena mawu m'chinenero chawo, motsitsa, ngati nyimbo. Ndinali ndisanaonepo mwamuna wamkulu, woopedwa ndi chipatala chonse, atadzichepetsa chotero, ndipo nkhope yake podzuka inali yowala ngati ya munthu amene walandira mphatso.

"Tsitsi lija unalisiya kuti?" anafunsa a Gunapala m'Chingerezi, kuti nanenso ndimve.

"Linatsala m'mayeso anu, aphunzitsi."

"Tadala, uyu ankakhala kumbuyo, pafupi ndi zenera, n'kumadya mango nthawi ya galamala. Lero akuti amang'amba anthu. Ine sindingamupatse ngakhale nkhuku."

A dokotala anaseka mpaka kupukuta misozi. Sanakhale pasofa. Anakhala pansi, pafupi ndi mapazi a mphunzitsi wawo, ndipo tiyi amene ndinawapangira anamwera pomwepo. Ine ndinawapatsa nditaimirira, ndipo kwa nthawi yoyamba kuimirirako kunandichititsa manyazi.

Powaperekeza pakhomo, akumanga zingwe za nsapato, funso linandipulumuka lokha.

"Simuchita manyazi? Anthu atakuonani?"

Anandiyang'ana modabwa, kenako anamwetulira. "Ndili wamng'ono ngati iwe ndinkagwada chifukwa ankatiuza. Pano palibe angandiuze. Ndimabwera ndekha." Anaimirira, n'kukonza tayi. "Anthu anasenza mitengo pamutu kuti ine ndidziwe Chingerezi popanda kutaya zimenezi. Ndizitaye ndekha chifukwa ndili ku Newcastle?"

Madzulo a tsiku limenelo amayi anafika dzuwa lisanalowe, n'kudziponya pasofa yunifolomu ili m'thupi. Ndinawaona akusisita mapazi, kenako akugwira mkono wa sofa kuti adzuke akatenge madzi. Ndinathamangira kukhitchini. Pobwerera, madzi ena anatayikira pakapeti. Nditafika pamaso pawo ndinagwada.

Anayang'ana kapuyo nthawi yaitali asanailandire.

"Mawondo aja apola?"

"Apola, Mama."

Anamwa madzi onse. Kenako anaika dzanja pamutu panga, monga momwe a Gunapala anachitira, ngakhale kuti amayiwo sanaone zimenezo. Nditawafotokozera za a Dokotala Jayasena anakana kwamtuwagalu. "Iwe, usandinamize. Omwe aja? Pansi?" Nditatchula za sokosi lobooka anaseka mpaka kutsokomola, n'kundituma kuti ndikawatengere madzi ena. Kutumidwa kumeneko ndinakulemba m'kabuku kanga, n'kukudula mzere kunsi kawiri.

Sindinganame kuti ndinasanduka wolimba mtima. Chloe sindinamuitanenso kwathu, ndipo kusukulu ndinakhalabe mwana wosalankhula mpaka ndinamaliza. A Gunapala anamwalira ndili ku koleji. Sukulu yawo sindinaionepo, ndimangoidziwa pachithunzi chija ndi m'masamba a kabuku kobiriwira, kamene ndikadali nako.

Pano ndine wamkulu, ndipo si aliyense amene ndimamugwadira. Pali kugwada kokakamizidwa, kumene kumamuchepetsa munthu, ndipo mwana wanga sindidzamuphunzitsa kumeneko. Koma ndinazindikira kuti zimene Chloe anaona ndi zimene ine ndinkachita sizinali zofanana, ndipo kulakwa kwanga kunali kudziyang'ana ndi maso ake. Anthu a kutsidya lina la nyanja, achipembedzo chosiyana ndi changa, anamanga chisakasa kuti ana awo alowe m'dziko la Chingerezi osachita manyazi ndi amayi awo. Sankadziwa kuti akumangiranso kamtsikana ka ku Zomba. Ndikapita kukaona amayi, amene tsopano anapuma pantchito, ndimawapatsa tiyi nditagwada. Amandiuza kuti, "Dzuka iwe, uwononga thalauza." Koma dzanja lawo limakhala litafika kale pamutu panga.