Dzina la Amake Natasha pa Fomu ya Udokotala

Ine kuchoka mu Kafue sikuti nenze kufuna, ayi. Ananithamangitsa ni maliro. Fakitale ya nsalu yamene inatichotsa ku Katete na amuna anga inatseka. Amuna anga anakhala pampando kudikira ndalama zao mpaka anafera pomwepo. Mkamwini, atate ake a mdzukulu wanga, anatsatira kumanda. Ndiye mwana wanga woyamba, Mailesi, nayenso anagona, kunisiyira kamwana kakazi, Natasha, kakalibe kuyamba na sukulu komwe. Ine nenze kugula nsomba kumtsinje m'mawa, kugulitsa pamsewu. Manje nsomba ingaphunzitse mwana? Mzimayi wina wa kutchalitchi ananiuza ati, "Amake Mailesi, ku Francistown, ku Botswana, kuli nkhalamba ifuna munthu woisambika. Alipira mapula." Ine ati, "Pula ni chani?" Iye ati, "Ni ndalama yamene siisungunuka m'manja monga kwacha." Ninati nizayenda zaka ziwiri chabe. Ziwiri! Mulungu anaseka.

Nikalibe kukwera basi, ninachita zamene timachita kwathu. Titachoka kumanda, anthu akali odzaza m'nyumba ya maliro ku Nangongwe, ninatenga chitenje cha Mailesi, ninanyamula Natasha, ninamubereka pamsana pa Esinati, mng'ono wake wa Mailesi. Kwathu mkazi akafa, mng'ono wake ndiye mayi. Osati anti, ayi, mayi. Ninaimirira pakati pa azimayi, ndipo ine mawu anga safuna maikolofoni: "Mverani imwe! Uyu mwana ali nao amake, ni awa. Wamene azamuitana wamasiye azaniona ine!" Na abusa omwe anameza mate.

Ku Francistown nenze kusunga mayi wa munthu wina wa masitolo. Kumusambika, kumutembenuza, kumudyetsa phala lowawasa la mapira, amene kumeneko aitana mabele, lamene ine sininalizolowere mpaka lero. Chinenero chao nenze kudziwako mawu awiri: "ee mma" na "nnyaa mma", inde na ayi. Ganizani, ine munthu wa pakamwa, tsiku lonse inde na ayi! Ninayamba kukamba na mapoto. Pa Sondo anzanga ayenda kutchalitchi, ine kuthamangira ku siteshoni ya mabasi kukamvera makondakitala a ku Zambia akutukwanana. "Iwe galu, chotsa katundu apo!" Ine mtima phee. Kutukwana kwa kwanu kumakoma ukakhala kutali.

Ndalama nenze kutumiza, palibe anganitsutse. Poyamba nenze kupatsa madilaiva, chifukwa basi ya ku Lusaka imapita pa Kafue, Esinati aimirira pamsewu kudikira. Pambuyo zinayamba kuyenda pafoni. Yunifomu ni ine, nsapato ni ine, mabuku ni ine. Nikatuma foni, Natasha ati, "Muli bwanji ambuya?" Ine, "Nili bwino, mwana wanga, uphunzira?" Iye, "Ee. Kambani na amama." Basi, yatha. Nkhalamba ija inamwalira, ananipereka kwa mkulu wake, nayenso wosambika. Kubwera kunyumba nenze kubwera pa Khirisimasi, osati chaka chilichonse, na chikwama cha mabulangete na saladi, mafuta ophikira. Kudya, kugona, kuseketsa anthu, kubwerera. M'katimo Esinati anakwatiwa na a Mweemba, Mtonga wofatsa wa ku fakitale ya feteleza, anasamukira ku Estates, mu Kafue momwemo. Ukwati ninaumvera pafoni.

Manje tsiku lina nili kuchapa, foni yalira. Ni Esinati, mawu ang'onoang'ono. "Amama, vintu vaonongeka."

Nkhani yenze iyi. Natasha anapasa Giredi 12 bwino maningi, ndipo kuyambira kale enze kufuna udokotala. Anadzaza fomu pakompyuta, anatumiza ku sukulu ya madokotala ku Lusaka. Pamene afunsa dzina la mayi, iye analemba Esinati, wamoyo. Pa atate analemba a Mweemba, amoyo. Koma pepala lake lobadwira, lamene anatumiza pamodzi, likamba Mailesi na malemu atate ake. A kusukulu anayankha ati mapepala sagwirizana, aoneka monga ni a anthu awiri. Akonze mwezi ukalibe kutha, abweretse mapepala a imfa na kalata yolumbira pamaso pa a boma. Ngati ayi, fomu aitaya, malo apatsa wina. Mapepala a imfa enze mu thiranki yanga ku Francistown. Ndipo wolumbira bwino ni ine, wamene ninabala onse awiri, Mailesi na Esinati.

Ninauza abwana ati, "Niyenda, ndipo sinibwerera." Mafupa anga enze atalema kale.

Popita kale tinaoloka Zambezi pa pantuni, chibwato chonyamula mabasi, ine nikupemphera. Pobwera basi inangoyenda pa buliji monga pamsewu, sininaone na madzi omwe. Ninatsika pa Kafue na thiranki, ninayenda ku Estates, koma nyumba zonse manje zili na mipanda, zifanana. Nili kuzungulira, mzimayi wina pageti ati, "Mufuna bandani, ba mayo?" Ine ati, "Nifuna pa mwana wanga Esinati." Iye ati, "Ooh, bamake Natasha! Kansi bali na bamai bao?" Mwamva? Kansi ali na amai ao!

Ninalowa na mkwiyo wanga wa m'basi. Natasha enze pakhonde, wamtali, magalasi pamaso. Sininakhale na pansi. "Iwe! Ufuna kung'amba anthu pamimba, koma sudziwa mimba yamene unachokamo? Mabuku onse aja n'nagula, analibe pokamba dzina la amako? Ine nasambika nkhalamba za eni ake mpaka manja kusuwa, iwe utaye malo chifukwa cha kabokosi kamodzi ka pa fomu?"

Ananiyang'ana, osakwiya, osalira. Ati, "Ambuya, siniiwale. Niziba kuti ananibala ni ba Mailesi. Koma funso yenze ati dzina ya amayi. Ninalemba amayi."

"Ukonze!"

"Sinizakonza. Kuti niimilire pa bantu nikambe ati amama si amama? Bapatse wina malo. Nizachita vina."

Analowa m'chipinda. Esinati enze kukhitchini kutsuka mbale imodzimodzi yamene yenze yoyera kale. Ine ninapitiriza kukuwa ndekha, kuuza makoma.

M'mawa mwake a Mweemba anabwera kuseri kwa nyumba kwamene nenze kuothera dzuwa. Mkamwini waulemu, sakhala pafupi na apongozi. Anakhala pa njerwa uko, nkhope kuyang'ana kumpanda, akamba monga auza mpanda. Ati, "Amama, kuno ku Estates palibe aziba kuti Natasha sitinabale ise. Esinati mimba zinali kuchoka, zonse. Abale banga ku Monze banabwera kuti nitenge mukazi wina. Natasha enze mu Giredi 5. Anachoka mu chipinda, anakhala pa miyendo ya Esinati, ati, 'Ba tata, ine sindine mwana?' Abale banga banakwera basi tsiku yamene ija."

Ninati, "Nanga bwanji simunaniuze? Mwana wanga apita padera, ine osadziwa?"

A Mweemba ati, "Foni yanu yenze yodula, amama. Munali kufunsa ngati ndalama yafika. Tinali kuyankha kuti yafika."

Sanakambe mwachipongwe. Ngati ananitukwana, nikanamubwezera, nili nao mawu. Koma apa ninangouka, ninalowa m'nyumba.

Wamene anathetsa nkhani ni Esinati. Masiku enze kutha, ine nakuwa nalema, abusa a tchalitchi chao cha magitala anabwera kupemphera, palibe. Tsiku lina m'mawa Esinati anavala chitenje chake cha ku Sondo, anatenga nsapato za Natasha, anaziponya pakhomo la chipinda. Ati, "Vala."

Natasha m'kati ati, "Siniyenda."

Esinati, wamene sakweza mawu monga ine, anakweza. "Iwe, nenze kuuka usiku kukuphikira tiyi kuti uwerenge, kuti unikhalire pano kuniyang'ana? Uganiza pepala izanichotsa? Ninakubereka pamusana mpaka miyendo yako kugunda pansi, pepala yenze kuti? Vala nsapato, nikalibe kukumenya pa ambuya ako!"

Anavala.

Ku boma tinapeza mwamuna wa jekete, wolumbiritsa anthu, chidindo pambali. Ananipatsa Baibulo. Ati, "Ambuya, kambani zoona zokhazokha." Ine ati, "Bwana, ine bodza nilibe nthawi nalo. Mailesi ninabala ine, Esinati ninabala ine, onse pa chipatala cha pano. Uyu mwana ni wa Mailesi. Mailesi ali kumanda, mapepala ni awa." Ati, "Tsitsani mawu ambuya, si msika uno." Ninadinda chala, chifukwa ine cholembera sitidziwana.

Ndiye anatembenukira kwa Esinati. "Nanga imwe mai, ndimwe ndani kwa mwana uyu?"

Esinati anayang'ana pa tebulo. Ati, "Ndine womusunga chabe."

Natasha anatulutsa kamawu monga kamwana ka mbuzi, anagwira pakamwa. Mwamuna uja sanamve, enze kufuna inki ya chidindo. Analemba, anadinda, pha! Ati, "Wotsatira."

Tinakwera minibasi ya ku Lusaka na mapepala mu envelopu. Kusukulu ya madokotala, mzimayi wa pawindo anawerenga, anayang'ana pakompyuta, ati, "Ah, ni ija ya amai aang'ono. Chaka chilichonse timaziona." Anakonza ife tikuona, sipanatenge nthawi ya kuwiritsa madzi. Ine ninafuna kumufunsa kuti ngati muziona chaka chilichonse, bwanji simuika kabokosi ka mayi wolera? Koma Esinati ananitsina.

Dzina linatuluka. Natasha anamutenga. Ninavina pamsewu wa ku Estates mpaka agalu kuuwa, ninauza aliyense, na amene sananifunse. Icho nikondwera nacho, musanimve molakwa.

Koma pali zamene zinachitika masana ena, tikulonga katundu wake wa kusukulu. Ine napinda mabulangete, Esinati asita zovala pakona, watipatsa msana. Natasha anakhala pabedi na pepala lolumbira lija m'manja. Ati, "Ambuya, ba Mailesi benze kukamba bwanji? Palibe ananiuzapo. Amama benze kuyopa imwe, ine nenze kuyopa amama. Chitani mawu yao, monga mwamene muchitira ba kondakitala na ba jekete."

Ine ati, "Aa, icho chokha? Mvera."

Ninatsegula pakamwa. Kunabwera mawu a nkhalamba ya ku Francistown ikuitana madzi. Ninatsokomola, ninayesanso. Kunabwera mawu a mkulu wake. Nkhope ya Mailesi niiona, mpata wa m'mano niuona, koma mawu palibe. Zaka zonse zija ninalibe munthu wokamba naye za mwana wanga. Ninamusunga mu thiranki na mapepala ake, ndipo kuno ninasiya nitatseka anthu pakamwa. Ninaimirira na bulangete m'manja monga chitsiru.

Natasha adikira.

Ndiye kuchokera pakona, Esinati osatembenuka, simbi ili m'manja, kunamveka mawu a m'mphuno, othamanga, oseka kumapeto: "Iwe Esinati, chotsa mwana wanga padzuwa, ufuna apse monga chikanda cha mu mphika?"

Ninakhala pansi. Enze Mailesi, yeve weniweni.

Natasha ati, "Chitaninso, amama."

Esinati anachitanso. Ine ninangomvera.