Mayi Pepani, Telala Amene Ankaopa Kupweteka Munthu

Ambiri mu parishi yathu ino dzina lawo la ubatizo sitinkalidziwa. Tonse, kuyambira ana mpaka bambo mfumu, tinkawatchula Mayi Pepani, chifukwa asanakhudze munthu ndi tepi yoyezera ankayamba apepesa, akamaliza n'kupepesanso. Anali mayi wamantha, ndipo eni ake sankabisa. Galu akauwa kutsidya kwa msewu, ankaima chilili kudikira wowaperekeza. Tsopano poti Ambuye awaitana, ndi bwino tinene kumene mantha awowo anachokera ndi zimene anachita ali nawo.

Anabadwira m'nyumba ya telala. Bambo awo ankasoka pakhonde la sitolo ina, madzulo n'kusenza mutu wa makina kubwera nawo kunyumba. Ana anali awiri: mtsikanayu ndi mlongo wake wamng'ono, amene anabadwa ndi manja ndi miyendo youma. Mwanayo sankayenda, zigongono zake zinali zopindika, ndipo akadzidzimuka thupi lonse linkalimba ngati thabwa. Kumuveka malaya inali nkhondo ya m'mawa uliwonse.

Lamulungu lina banjali linachedwa ku Misa. Mayi wa anawo, pofulumira, anagwira dzanja la mwana uja kuti alilowetse mu mkono wa shati yatsopano. Dzanjalo linakana. Anakoka pang'ono, ndipo panamveka kaphokoso ngati ka mtengo wouma ukamathyoka. Mtsikanayu ndiye anali atamugwira mlongo wakeyo m'mapewa, choncho kuthyokako anakumva m'manja mwake momwe, mwanayo asanayambe n'kulira komwe. Fupa linapola, koma mayi aja sanafunenso kuona shati pafupi ndi mwana wawo. Anayamba kungomufunditsa nsalu n'kumusiya m'nyumba ena akamapita ku tchalitchi.

Wotsala naye anali mtsikanayu. Belu likalira, mlongo wakeyo ankatembenuzira mutu kukhomo n'kumagwetsa misozi. Tsiku lina mtsikanayu anatenga sizasi ya bambo ake, nadula shati ija kumbuyo kuyambira pakolala mpaka pansi, n'kusokerera tizingwe mbali zonse ziwiri. Anamuveka mlongo wake cha kutsogolo, dzanja lililonse kulowa lokha popanda kukoka, n'kumanga tizingweto kumsana. Atamaliza ndi pamene anazindikira kuti wawononga shati yatsopano, ndipo anakabisala kuseri kwa chitseko. Bambo ake atabwera anaitembenuza shatiyo uku ndi uku. Kenaka anangoti msokowo unali wokhota ngati njira ya munthu woledzera, ndipo mawa lake anamukhazika pa makina. Mlongo wake uja anayambanso kupita ku Misa mpaka pamene chibayo chinamutenga ali mnyamata.

Mtsikanayu atakula anakwatiwa ndi mmisiri womanga nyumba, munthu wanthabwala amene ankaimba besi mu kwaya. Mulungu anawapatsa ana aamuna awiri ndi wamkazi mmodzi. Mayiwa ankasokera m'chipinda chakutsogolo, pafupi ndi windo, mayunifolomu a ana asukulu ndi madiresi wamba. M'mawa uliwonse bambowo akamanyamula chikwama cha zida, iwo ankawachenjeza za makwerero, ndipo bambowo ankayankha kuti akanakhala kuti mantha amagulitsidwa, bwenzi banja lawo likuyenda pa galimoto.

Koma chimene ankaopacho chinafika. Thabwa linathyoka pamwamba pa nyumba yosanja, bambowo anagwa n'kuthyoka msana. Anatuluka m'chipatala ali pa chikuku, kuyambira m'chiuno kutsika osamva kanthu.

M'mawa wina powasambitsa, Mayi Pepani anaona malo ofiira pathako la amuna awo. Atayang'anitsitsa anaona kuti kufiirako kunali ndi maonekedwe a thumba lakumbuyo la buluku, ngodya zake zonse. Pasanathe masiku ambiri panatseguka chilonda, chinayamba kununkha, thupi linatentha, ndipo bambowo anayamba kubwebweta. Ku chipatala namwino anawauza mosabisa kuti zilonda zotere zimafika pafupa ndipo zimapha, ndi kuti munthu wokhala pansi tsiku lonse akhoza kudyedwa ndi msoko wokhuthala kapena batani limodzi, iye osamva. Mayiwa anakumbukira maonekedwe a thumba lija. Bulukulo anali atasoka okha, ndipo matumbawo anawabwereza kawiri kuti alimbe. Anakhala pa benchi ya m'khonde la chipatala korona ili m'manja, koma mawu a pemphero sankatuluka. Ankangoti, "Ambuye, dzanja langa lisaphe munthu."

Bambowo anachira chilondacho, ndipo pemphero lija linakhala la mayiwa moyo wawo wonse. Sankadula nsalu asanalembe chizindikiro cha mtanda n'kulinena.

Anaphwasula mabuluku onse a amuna awo. Latsopano analisoka lopanda matumba kumbuyo, lalitali kumsana ndi lalifupi kumimba monga mmene munthu amakhalira pampando. Misoko anaisamutsa pamene thupi silitsamira, matumba anawaika pantchafu pamene dzanja limafika, ndipo m'mbali monse anaika zipi kuti livulidwe popanda kumunyamula munthu. Bambowo analiyang'ana n'kunena kuti, "Mayi, bulukuli tsiku limene ndidzaimirire nalo anthu adzathawa."

"Mukadzaimirira ndidzasoka lina ndikuimba," anatero mayiwa.

Komabe bambowo ankakana kupita ku tchalitchi. Jekete lawo linkadzikundika kumsana n'kukwera mpaka m'makutu, ndipo ankati sangakaimbe akuoneka ngati kamba. Mayi Pepani anawasokera lina lalifupi kumbuyo, lotakasuka m'mapewa kuti manja azipalasa chikuku momasuka. Lamulungu lotsatira besi inamvekanso mu kwaya.

Ndi jekete limeneli limene linaitana ena. Kunabwera mphunzitsi wina wosaona, amene ana ankamuseka akavala malaya osagwirizana. Mayiwa anamusokerera timfundo ta ulusi mkati mwa kolala kuti zala zizimuuza mtundu wa chovala. Kunabwera bambo wa dzanja limodzi, namuikira mphete pa zipi ndi mabatani ongodina. Kunabwera agogo ena amene anafa ziwalo mbali imodzi, ndi mwana amene ankadyera pa kapaipi ka pamimba. Mayiwa ankafunsa mafunso amene atelala ena safunsa: amakuvekani ndani, kuchimbudzi mumatani, ndi pati pamene simumva. Ankafunsa akupepesa, maso ali pansi. Pomaliza sankaiwala kufunsa mtundu umene munthuyo amaukonda, ngakhale achibale atayankha kale kuti chilichonse chili bwino. Ankati, "Wodwala amafunsidwa pamene pakuwawa. Munthu amafunsidwa chimene amakonda."

Chiyeso chachikulu chinabwera ndi diresi laukwati. Mkwatibwi anali mtsikana wogwira ntchito mu ofesi, woyenda pa chikuku chibadwire, wolankhula mosapsatira. Ankafuna diresi lalitali lofika pansi. Mayi Pepani anamupempha kuti lilekezere m'akakolo, koma iye anati moyo wake wonse wakhala akuvala zimene ena amamusankhira, ndipo tsiku limodzi lokhali akufuna kuoneka ngati mkwatibwi wina aliyense. Mayiwa anagonja. Analipinda m'mbali mmene akanathera, n'kupemphera.

Misa yaukwati itatha, akwati anatuluka anthu akuimba. Mkwati ankakankha chikuku potsetsereka pa khomo la tchalitchi. Mphepo inakupiza nsonga ya diresi, nsongayo inalowa mu masipoko a gudumu limodzi, gudumulo linaima, chikuku chinazungulira, ndipo mkwatibwi anaponyedwa chafufumimba pa simenti. Nyimbo inaduka. Magazi anayamba kuyenderera pa nsalu yoyera, mtsikanayo osagwedezeka. Mayi Pepani anali pakhomo pomwepo. Anthu ankathamanga kuwadutsa, koma iwo anangoima pomwepo. Ankangoona ulusi wawo utakulungika pa gudumu, ndipo mumtima anali atatsimikiza kuti apha mwana wa eni ake.

Mkwatibwi anatsitsimuka ali m'galimoto. Anamusoka pachipumi, dzanja linaikidwa pulasitala. Koma Mayi Pepani atafika kunyumba anavindikira makina ndi nsalu n'kutseka windo. Munthu akagogoda ankalumpha, poganiza kuti ndi apolisi kapena achibale a mtsikana uja. Obwera ndi nsalu ankabwezedwa pakhomo. Ku Misa ankakhala benchi yomaliza, osapita kukalandira Ukaristia, ndipo ankatuluka nyimbo yomaliza isanathe. Anawonda. Nthabwala za amuna awo zinkangogwera pansi. Bambo mfumu anabwera kudzawauza kuti ngozi si tchimo, iwo anavomera mwaulemu, koma makina anakhalabe ovindikira.

Patapita miyezi, masana ena, anamva magudumu pakhonde. Anasuzumira pa katani n'kuona mtsikana uja, chipsera chili pachipumi. Anafuna kuthawira kuchipinda, koma amuna awo anali atatsekereza njira ndi chikuku chawo, n'kunena kuti mabuleki agwira okha. Mtsikanayo analowa. Mayiwa anagwada n'kuyamba kupepesa, mawu akudukaduka.

"Mayi, dzukani," anatero mtsikanayo. "Ine ndinagwa kamodzi, anandidzutsa. Inu mukugwabe mpaka lero?"

Kenaka anawaonetsa mimba. Anali woyembekezera, zovala zonse zinkamufinya, ndipo lasitiki wa siketi anali atayamba kumusiyira mzere wofiira m'chiuno, pamalo pamene iye samva. Anati diresi lalitali analiumirira yekha, ndipo sanabwere kudzakamba zimenezo. "Ndiuzeni telala wina amene adzandifunse pamene sindimva, ndipite kumeneko."

Mayi Pepani anauyang'ana mzere wofiirawo nthawi yaitali. Ankadziwa kumene mizere yotere imathera. Anadzuka, navundukula makina. Ulusi unakana kulowa pa singano, mpaka mtsikanayo anawalowetsera.

Kuyambira pamenepo anadziikira lamulo. Chovala chilichonse cha munthu wa pa chikuku ankayamba achivala okha, n'kukhala pa chikuku cha amuna awo, n'kuuza mwana wawo wamkazi kuti awakankhe potsetsereka kuseri kwa nyumba. Anansi ankaona mayi amene amaopa galu wa kutsidya akutsika chitunda atatsinzina, atagwiritsitsa m'mbali, akunena Tikuoneni Maria mokweza, amuna awo ali pawindo misozi ikutuluka ndi kuseka. Akafika pansi ankayang'ana ngati nsalu yakhudza gudumu. Ikakhudza ankaphwasula. Chitundacho sanachizolowere mpaka kalekale, koma sanasiye kuchitsika.

Amuna awo anatsogola, mwamtendere, ana atakula. Mayiwa anapempha kachipinda ka kuseri kwa holo ya parishi, nayamba kuphunzitsa ena, makamaka aulumali eni ake, poti ankati wovala ndiye amadziwa pamene msoko ukuluma. Amene miyendo sinkapalasa anawapezera makina opukusa ndi dzanja. Nyamakazi itapinda zala zawo, ntchito anaisiya m'manja mwa mwana wawo wamkazi, iwo n'kumangokhala pampando kupapasa misoko. Akapeza wokhuthala ankaubweza, koma ankayamba apepesa.

Chaka chino mtima unayamba kufooka, miyendo inatupa, ndipo anagona. Mantha aakulu anawagwira. Sankafuna kutsala okha m'chipinda ngakhale masana, ndipo mpweya ukabanika ankagwira dzanja la mwana wawo mpaka kulisiya ndi zipsera za zikhadabo. Bambo mfumu atabwera kudzawadzoza mafuta, mayiwa anawauza, ana akumva, kuti akuopa kufa, ndipo chimene chikuwaopsa koposa ndi kukaonekera pamaso pa Ambuye ali ndi mantha omwewo. Anati zaka zonsezi akhala akuganiza kuti munthu wa chikhulupiriro chenicheni saopa, ndi kuti iwo ndi mkhristu wosakwanira.

Bambo mfumu anawakumbutsa za Ambuye m'munda muja, mmene anachitira mantha mpaka thukuta kusanduka ngati magazi, napempha ophunzira kuti asamusiye yekha. Mayi Pepani anafunsa motsitsa mawu, "Ndiye kuti nayenso akudziwa?"

"Akudziwa, mayi."

Anatseka maso, ndipo dzanja limene linafinya la mwana wawo linamasuka pang'onopang'ono.

Masiku otsalawo anapempha kuti makina amodzi abwere kunyumba, azisokeredwa m'chipinda chakutsogolo chitseko chili chotsegula, kuti azimva kulira kwake. M'mawa wa tsiku lomaliza dzuwa linalowa pawindo mpaka pabedi. Mwana wawo anawapukuta kumaso n'kuwafunsa mmene adzukira. Iwo anakhala ngati akudzimvetsera okha, n'kuyankha modabwa:

"Mwanangu, lero sindikuopa. Kodi anthu ena amamva chonchi masiku onse?"

Mwanayo anaseka misozi ikutsika. Anayamba korona limodzi, ndipo chapakati pake mawu anatsala a munthu mmodzi.

Atisiyira chitsanzo cha mtumiki amene sanadikire kuti alimbe mtima kaye ndiye atumikire. Kachipinda ka kuseri kwa holo kakugwirabe ntchito. Ngati kwanu kuli m'bale amene amatsala m'nyumba Lamulungu chifukwa kumuveka n'kovuta, bwerani naye, ndipo adzafunsidwa yekha chimene amakonda. Ambuye amene anadziwa mantha awalandire Mayi Pepani kumene kulibe choopsa, ause mu mtendere.