Chithunzi chimene munandijambula ndili pa nkhunzi

Alamu anga a Lackson, achimwene anu aja a ku Falls Church kuno kutsidya la nyanja, mpaka lero sindinawakhululukire, a Nabanda mkazi wanga. Maliro anu atatha, anachotsa chithunzi chija pakhoma, amvekere katundu wa mlongo wawo amapita kwa abale. Ine mkamwini ndinangowaonerera akutuluka nacho.

Lero m'basi ndaona chikwangwani cha rodeo, masewera aja okwera nkhunzi zolusa, mtima n'kubwerera kwa inu. Tinapitako kamodzi kokha. Mnyamata wachipewa chachikulu atagwetsedwa ndi nkhunzi, munandigwira mkono n'kuti, "Bambo a Grace, uyu ndikamujambula ndi penti, koma nkhope ikhala yanu." Milungu itatu, Loweruka lililonse, munkandikhazika pampando motangadza m'nyumba yathu ya ku Greenbelt, chingwe choyanikira zovala kudzanja lamanzere, lamanja lili m'mwamba. Ndikati phewa latopa, munkaseka: "Si inu munkadzitama kuti munaweta ng'ombe ku Mchinji? Kwezani mkono!" Nkhunziyo munaipatsa banga loyera pamphumi, ngati ya bambo anga imene ndinkakusimbirani. Sukulu ndinalekera Sitandade 5, zojambulajambula sindizidziwa, koma palibe munthu wina anandiyang'anapo nthawi yaitali chotero.

Ndamva kuti chithunzicho chili m'galaja mwa achimwene anuwo, kuseri kwa matayala. A Lackson, ndikudziwa kuti mumawerenga zimene ndimalemba pano pa intaneti. Kupepesa kwanu sindikukufuna. Maondo atha, masiku achepa. Bweretsani chithunzicho, chibwerere pa msomali wake ndisanatsatire mlongo wanu.